ALIMUDDIN ZUMLA NDI CIFUWA CA ANA

M'magazi a munthu ali yense muli tinthu tating'ono toyera, tosaoneka ndi maso. Acipatala amatichula asilikari a m'thupi, cifukwa nchito yace ndiyo kugwira ndi kupha tizilombo ta matenda. Asilikari amenewa akakhala ambiri ndi amphamvu, munthu adwala masiku pang'ono nacira. Koma akafoka, ngakhale kacilombo kacabe-cabe kamgwetsa pansi. Mmodzi wa anthu amene anaphunzira bwino za nkhondo imeneyi ndiye Dokotala Alimuddin Zumla.

Zumla anabadwa m'caka ca 1955 ku Fort Jameson, mzinda umene lero uchedwa Chipata. Makolo ace anali Amwenye. Anaphunzira sukulu ku Lusaka, ndipo m'caka ca 1979 anatsiriza maphunziro a udokotala pa Yunivesite ya Zambia. Pambuyo pace anaoloka nyanja kunka ku London, kumene anafufuza magazi a anthu odwala khate, kuti aone zida zimene thupi lisula pomenyana ndi nthendayo. Ali komweko, iye mwini anagwidwa ndi kacilombo ka cifuwa cacikuru, ndiye TB, ndipo kanamlowa m'mutu. Anatsala pang'ono kufa. Atacira, anayamba kulondola kacilomboko monga mlenje alondola nyama imene inamlasa.

Zaka za m'ma 1990 zinali zowawa m'Zambia. Kacilombo ka HIV, kamene kapha asilikari a m'thupi, kanali katawanda, ndipo mankhwala okafoketsa anali asanafike kwa anthu wamba. Tsiku ndi tsiku amai a ku Kanyama, Chawama, Matero ndi makomboni ena anali kufika pa cipatala cacikuru ca UTH atabereka ana otsokomola ndi opuma mobanika. Dokotala anali kumvetsera pa cifuwa nati, "Ndi cibayo," napatsa mankhwala. Ena anacira, koma ambiri anafa. Cifuwa ca mwana ncobvuta kucizindikira, pakuti mwana wamng'ono sadziwa kulavula makhololo akuti akayesedwe.

M'caka ca 1994 Zumla anagwirizana ndi Profesa Chifumbe Chintu, mkuru wodziwa matenda a ana, ndipo analumikiza sukulu ya udokotala ya ku Lusaka ndi University College London. Awiriwa ndi anzao anaona kuti njira yodziwira zoona inali imodzi yokha: kuyang'ana m'mapapo a ana amene anamwalira. Imeneyi inali nkhani yolemera. Kunali kofunika kupempha kholo limene liri pa maliro kuti lilole thupi la mwana wace ling'ambidwe. Mwa makolo anai ali onse, atatu anakana. Ena anati, "Kodi mukatero mwanayo adzauka?" Ena anali kufulumira kukaika maliro. Palibe munthu angawadzudzule. Koma ena analimba mtima, ndipo kuyambira 1997 kufikira 2000 anapima mapapo a ana 264.

Zimene anapeza zinasindikizidwa m'caka ca 2002 m'nyuzi ya madokotala yochedwa The Lancet. Ana 180 anali ndi HIV. Mwana mmodzi mwa asanu ali onse anali ndi TB. Kunapezekanso kacilombo kena kochedwa Pneumocystis, kamene sikabvuta munthu wa asilikari amphamvu, koma kanali m'mapapo a ana pafupi-fupi atatu mwa khumi a HIV. Ndipo ana ambiri anali ndi matenda awiri kapena atatu pamodzi, kotero kuti mankhwala a nthenda imodzi sakanawapulumutsa.

Tsono panali mankhwala akale, a mtengo wocepa, amene anthu awadziwa ndi dzina lakuti Septrin. Madokotala ena anati sangathandize, cifukwa tizilombo ta ku Lusaka tinali titawazolowera kale. M'malo mwa kutsutsana pakamwa, anawayesa. M'caka ca 2001 Chintu, Zumla, Diana Gibb wa ku London ndi anzao anayamba kulemba ana a HIV, nakwanira 541. Anawagawa pawiri mwa maere. Gulu lina linamwa Septrin tsiku liri lonse, lina linamwa mankhwala ofanana nao maonekedwe koma opanda mphamvu. Mai kapena dokotala sanadziwe gulu la mwana ali yense, kuti pasakhale kukondera. Powerenga anapeza kuti mwa ana 100 osamwa Septrin anafa 42, koma mwa omwa anafa 28. Ataona comweco analeka kuyesako mu October 2003, napatsa ana onse mankhwala eni-eni. M'caka ca 2004 mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza maiko kuti ana a HIV azipatsidwa mankhwalawa.

M'caka ca 2012 Pulezidenti Michael Sata anampatsa Zumla mendulo ya ulemu, ndipo mu 2017 Mfumukazi Elizabeth ya ku Mangalande inampatsa dzina lakuti Sir.

MAFUNSO
1. Kodi asilikari a m'thupi agwira nchito yanji?
2. Ncifukwa ninji nkobvuta kuzindikira TB mwa mwana wamng'ono?
3. Fotokozani cifukwa cace anagawa ana aja mwa maere.
4. Pezani Chipata, Lusaka ndi London pa mapu.