Ulendo wa ku Nkhalango ya Dzalanyama

M'maiko ena muli zipululu zazikulu, monga Kalahari ku Botswana ndi Namib ku Namibia, kumene mvula igwa pang'ono ndipo mitsinje yambiri ikhala youma. Alendo ofuna kuona malo amenewo amuka ndi mtsogoleri wodziwa njira, pakuti munthu wosochera kumeneko angafe ndi ludzu. M'Malawi mulibe chipululu chotere. Koma tsiku lina ana a sukulu ya ku Mitundu anaona ndi maso ao m'mene dziko labwino liyambira kufanana nacho.

Cha kumadzulo kwa Mitundu kuoneka mzere wa mapiri, ndiwo mapiri a Dzalanyama, amene ali m'malire a Malawi ndi Mozambique. Makolo anati pamapiri amenewo pali Kaphirintiwa, thanthwe limene anthu oyamba ndi nyama anasiyapo mapazi ao. M'chaka cha 1922 Boma linapatula nkhalango yake kuti mitengo isadulidwe chisawawa, chifukwa mtsinje wa Lilongwe uchokera momwemo.

Unali mwezi wa Okutobala, nyengo ya dzuwa loswa mtengo. Anawo analawira mbandakucha ndi mphunzitsi wao pagalimoto, yense ali ndi botolo la madzi ndi mbatata yophika. Atafika polowera, anakomana ndi mlonda wa nkhalango amene anayenera kuwatsogolera. Iye anawapatsa malamulo atatu: asapatuke m'njira, asakoleze moto, ndiponso asasokose.

Poyamba anayenda pansi pa mitengo ya mombo, mtondo ndi misuku. Ngakhale mvula inali isanagwe, mitengo inali itaphuka kale masamba atsopano ofiira. Anyani anathawira pathanthwe, ndipo gwape anadumpha njira. Tsono anafika pakamtsinje koyenda madzi ozizira. Mlonda anafukula masamba ofota, nawaonetsa dothi lakuda lachinyezi, nati, "Ana inu, mvula ikagwa pano sithamanga ai. Masamba ndi mizu ziigwira, ndipo madzi alowa pansi, natuluka pang'onopang'ono chaka chonse. Madzi awa atsikira ku Malingunde, m'damu limene linamangidwa mu 1966, ndipo anthu a mumzinda wa Lilongwe amwa omwewa."

Dzuwa lili pamutu anakwera chitunda, natulukira pamalo ena. Pamenepo panalibe mthunzi, koma zitsa zokhazokha ndi milu ya dothi lopserera pamene anthu anaotchera makala. Nthaka inali youma gwa, ndipo inatentha kumapazi. Khwawa la pamenepo linali lodzala ndi mchenga. Madzi a m'mabotolo anatha msanga, ndipo ana amene anadza akuimba anangoti chete. Mlonda anati, "Kale khwawa ili linkayenda monga lija mwaona m'mawa. Tsopano mvula ikagwa, madzi akokolola dothi tsiku limodzi, napita."

Pakati pa anawo panali mnyamata amene atate wake amatenga makala panjinga kukagulitsa mumzinda. Iyeyo anakhala wozyolika nthawi yaitali, kenaka anafunsa, nati, "Bambo, nanga akaleka makala, ife tidzadya chiyani? Ndalama za yunifolomu yangayi zinachokera kumeneko."

Mlonda sanamdzudzule. Anati, "Wafunsa bwino, mwana wanga. Wootcha makala sali yekha pamlanduwu, pakuti ogula ali mumzinda, ndiwo omwe amwa madzi a kuno. Mu 2015 Boma linatumiza asilikali kudzalonda nkhalango ino, koma mfuti siithetsa njala. Taona apa." Ndipo anamuonetsa chitsa cha mombo chimene chinatulutsa mphukira zisanu. "Mtengo uwu sunafe. Moto ndi nkhwangwa zikauleka zaka zingapo, udzakulanso. Ndipo nkhalango yamoyo ipatsa masuku, bowa ndi uchi chaka ndi chaka, koma mtengo wootchedwa ugulitsidwa kamodzi kokha."

Mnyamatayo sanayankhe, pakuti anadziwa kuti masuku sadzabala mawa pamalo ouma aja. Koma pobwerera anapempha mphunzitsi kuti sukulu ifese mitengo ya nkhuni pambali pa bwalo, ndi kuti iye aloledwe kutengako mbande zina kukabzala kumunda kwa atate wake. Mphunzitsi anavomera.

Anafika ku Mitundu dzuwa litalowa, ali otopa ndi aludzu. Ndipo pomwa madzi madzulo aja, anakumbukira makwawa awiri a ku Dzalanyama.

Mafunso

1. Chifukwa ninji Boma linapatula nkhalango ya Dzalanyama?
2. Fotokozani kusiyana kwa makwawa awiri amene ana anaona.
3. Mukadakhala inu mlonda, mukadamyankha chiyani mnyamata uja?