Phunziro la Akhristu: Kutamanda Mulungu Kunja Kusanache

M'mapiri a Dowa, kufupi ndi midzi ya Mfumu Msakambewa, muli malo otchedwa Dzaleka. M'masiku a Dr. Banda malowa adali ndende, m'mene ankatsekera ena chifukwa cha ndale, ena chifukwa cha chipembedzo chawo. Akuluakulu amati dzinalo lidachokera ku mawu akuti "ndidzaleka", poti munthu ankasautsidwa kufikira atalonjeza kuti sadzachitanso. M'chaka cha 1994 malowa adasanduka msasa wa othawa nkhondo a ku Rwanda, Burundi ndi Congo, ndipo pofika 2023 anthu ake adali atapitirira 50,000. Ambiri adataya minda, nyumba ndi abale. Komabe tsiku la Mulungu likakwana amasonkhana ku Misa ndi kuimba nyimbo zachiyamiko m'zilankhulo zakwawo. Nanga wotaya zonse amayamika chiyani?

1. Masautso si chilango nthawi zonse

Pagwa matenda, njala kapena maliro, anthu amafulumira kufunsa kuti: walakwa yani? Ena amathamangira ku ula, ena amaloza nkhalamba ya m'mudzi, ena amati Mulungu wakwiya. Anthu otere amayesa Mulungu ngati mlonda wa ndende, womenya munthu kuti anene "ndidzaleka". Abwenzi atatu a Yobe adaganiza chomwecho, namuumiriza kuti aulule tchimo lobisika. Koma potsiriza Mulungu adadzudzula iwowo, si Yobe ayi (Yobe 42). Ambuye Yezu nawonso adakana kuti munthu wobadwa wakhungu uja adatero chifukwa cha tchimo lake kapena la makolo ake (Yohane 9). Yezu mwini, wopanda tchimo, adali mwana wothawa kwawo, pamene Yosefe Woyera ndi Amayi Maria adapita naye ku Ejipito poopa Herode.

2. Kulira si kutaya chikhulupiriro

Yobe adang'amba chovala chake, nameta mutu, nagwa pansi. Ali pansi pomwepo adatamanda dzina la Ambuye. Yezu adalira pa manda a Lazaro, ndipo m'munda wa Getsemani adapempha kuti chikho chija chimpitirire, asanadzipereke ku chifuniro cha Atate. Motero Eklezia saletsa misozi pa siwa. Chimene chiwononga mzimu ndi kutaya mtima, ndiko kuganiza kuti Mulungu waiwala ana ake ndipo kupemphera kulibenso ntchito.

3. Kutamanda khomo lisanatseguke

Pano ndi pamene pagona phunziroli. Ku Filipi, Paulo ndi Silasi adakwapulidwa, naponyedwa m'chipinda cham'kati cha ndende, miyendo ili m'matangadza. Pakati pa usiku ankapemphera ndi kuimbira Mulungu, akaidi anzawo akumvetsera (Ntchito 16). Chivomezi chotsekula zitseko chidabwera pambuyo pake. Pamene ankaimba, sadadziwe ngati kutacha adzamasulidwa kapena kuphedwa. Sadaimbe kuti agule chipulumutso. Adaimba chifukwa Mulungu wa m'ndende ndi yemwe uja adali naye kunja.

Nthawi zina khomo silitseguka pansi pano. Pa 3 Juni 1886, ku Namugongo m'dziko la Uganda, Charles Lwanga ndi anzake adatenthedwa amoyo polamula Mfumu Mwanga, akupemphera. Moto sudazime. Koma mu 1964 Papa Paul VI adalengeza kuti amartiri 22 a ku Uganda ndi oyera. Kuyamika nkhokwe itadzaza n'kosavuta, ngakhale wakunja amatha. Kutamanda m'mwezi wa Februwale, ufa utatha m'lichero, ndiko chikhulupiriro chimene mtanda wa Khristu uphunzitsa.

4. Ntchito ya mkhristu

Wotamanda Mulungu pa masautso ake asaime manja lende pa masautso a mnzake. Bungwe la Jesuit Refugee Service, limene Bambo Pedro Arrupe adayambitsa mu 1980, lakhala likuphunzitsa ana ku Dzaleka. Akhristu a m'midzi yozungulira ali ndi gawo lawo: kusanyenga mlendo pa msika, kusamutonza chifukwa cha chilankhulo chake, kumpatsa malo pa benchi ya m'tchalitchi. Makolo adati: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mphunzitsi pokayendera wodwala kapena wofedwa asafulumire kulalika. Ayambe wakhala pansi ndi kumvetsera, monga abwenzi a Yobe adachitira bwino masiku 7 oyamba, asanatsekule pakamwa. Pambuyo pake atsogolere Kolona, makamaka zinsinsi zachisoni, ndi kudziwitsa wansembe kuti abwere ndi masakramenti.

Mafunso okambirana

1. Kodi abwenzi a Yobe adalakwa pati?
2. Paulo ndi Silasi adaimba liti, chivomezi chisanabwere kapena chitapita?
3. Ndani m'mudzi muno ali pa masautso, ndipo akhristu amchitira chiyani mlungu uno?