Chigodola cha Nkhumba: Mlandu Si wa Nguluwe Yokha

Nguluwe ndi njiri zimasunga kachilombo ka chigodola cha nkhumba koma izo sizidwala. Nkhufi za m'mauna a njiri zimatha kupatsira nkhumba zoweta kachilomboka. Nthendayi, yomwe inadziwika koyamba ku Kenya mu 1921, ilibe mankhwala, ndipo imapulula khola m'masiku ochepa.

Komabe kuno ku Chileka ndi Lirangwe, mlandu waukulu ngwathu. Nkhumba ikangofooka, ena amathamangira kuipha n'kukagulitsa pamsika, kachilombo n'kumayenda pa nyamayo, pa nsapato ndi m'makombo. Munthu sadwala chigodola, inde, koma nyama yosayezedwa ndiponso yosapsa bwino ikhoza kum'patsira chifuwa chachikulu cha ziweto.

Tsekerani nkhumba m'khola. Ikafa, ikwirireni m'dzenje lakuya, ndipo dziwitsani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.