Kusintha mabushi ndi chivundikiro cha difu ya Nissan 350Z pakhomo: mafunso ndi mayankho

Nissan 350Z, imene ku Japan imatchedwa Fairlady Z, inayamba kugulitsidwa mu 2002. Injini yake ya V6 ya malita 3.5 imazunguza matayala akumbuyo okha, ndipo mphamvu yonseyo imadutsa mu difu ya mtundu wa R200. Magalimoto amenewa tsopano akalamba, ndipo ukalamba wake umayamba kuonekera pamene difu imagwirana ndi galimoto. Zambiri zimene zili muno zikukhudzanso Infiniti G35, chifukwa kunsi kwake n'kofanana ndi kwa 350Z.

Kodi difu imamangiriridwa bwanji kugalimoto?

Imagwira malo atatu pa chimango chakumbuyo chimene amakaniko amachitcha subframe. Kutsogolo kuli mabushi awiri amene ali m'makutu a difu. Kumbuyo kuli bawuti imodzi yotuluka pa chivundikiro, yomwe imalowa mu bushi yaikulu yokhomeredwa mu subframe. Bushi yakumbuyoyi si mphira wokhawokha. M'kati mwake muli madzi amafuta amene amameza kunjenjemera kuti kusafike kwa woyendetsa. Popeza bawuti ija ili pa chivundikiro, ntchito ya chivundikiro ndi ya bushi zimayendera limodzi: simungachotse chimodzi bwinobwino difu isanatsike.

Ndingadziwe bwanji kuti bushi yatha?

Suzumirani kunsi ndi tochi. Mukaona mzere wakuda kapena wofiirira umene unayenderera pa subframe kuchokera pa bushi, dziwani kuti mphira unang'ambika ndipo madzi aja anatha. Ambiri amaganiza kuti ndi oyilo wa difu amene akudontha, koma oyilo wa difu amanunkha kwambiri ndipo amanyowetsa chivundikiro, osati chimango. Chizindikiro china ndi kugogoda kumbuyo posintha giya kapena poponda mafuta mwadzidzidzi. Nthawi zina matayala akumbuyo amadumphadumpha ponyamuka mwamphamvu. Kudumpha kumeneku musakunyozere, chifukwa kumavutitsa mashafti ndi mabushi akutsogolo aja.

Ndigule mabushi otani?

Apa ndiye pofunika kuganiza mofatsa, chifukwa mukasankha molakwika ntchito yonse mudzaibwereza. Pali mabushi a polyurethane, monga a Whiteline, ndi ena a aluminiyamu weniweni opanda chofewa chilichonse, monga a SPL. A aluminiyamu amagwira difu nganganga, ndipo galimoto imamva msanga mukaponda mafuta. Koma kulira konse kwa mano a magiya kumalowa m'galimoto, ndipo pa ulendo wautali kumatopetsa makutu. Amenewo ndi a galimoto ya mpikisano.

Ngati galimoto yanu ndi yoyendera tsiku ndi tsiku, makamaka m'misewu ya maenje, tengani a polyurethane. Phokoso limawonjezekako pang'ono, koma kugogoda kumatheratu, ndipo mulibe madzi oti adzatayikenso. Sinthani onse atatu. Mukalimbitsa yakumbuyo yokha n'kusiya akutsogolo otha, katundu yense amakagwera pa mphira wakalewo.

Nanga chivundikiro chatsopano n'chofunikadi?

Osati kwa aliyense. Chivundikiro cha zipsepse, monga cha Nismo, chimataya kutentha msanga chifukwa mpweya umakhudza malo aakulu. Zina, monga cha Z1 Motorsports, zimasunganso oyilo wochulukirapo, ndipo oyilo wambiri amachedwa kutentha. Phindu lake limaoneka pa bwalo la mpikisano, pamene difu imagwira ntchito yolimba kwa nthawi yaitali osapuma ndipo oyilo amapyapyala. Pa msewu wamba chivundikiro cha kufakitale chimakwanira. Ndalama zikachepa, gulani mabushi ndi oyilo wabwino. Koma ngati mwatsimikiza kuti chivundikiro mudzachifuna, chiikeni tsiku lomwelo difu ili pansi.

Kodi ntchitoyi ingatheke pakhomo?

Ingatheke, malinga ngati muli ndi malo a simenti osapendekeka, jeki yamphamvu, zitsulo zochirikiza galimoto ikakwezedwa, masipanala, sipanala yopima kulimba kwa mabawuti, chiboolera, sowo ya zitsulo, nyundo ndi tchizulo. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yangoimikidwa pa jeki yokha kapena pa njerwa. Njerwa imaphwanyika mosachenjeza, ndipo anthu amafa ndi zimenezi. Tsekerani matayala akutsogolo. Khalaninso ndi mnzanu, pakuti difu imalemera makilogalamu oposa 30 ndipo ilibe pogwira pabwino.

Difu imatsitsidwa bwanji?

Yambani ndi kumasula pulagi yothirira oyilo, kenako yokhetsera. Mukayamba ndi yokhetsera n'kupeza kuti yothirira yakana, mwatsala ndi difu youma. Chotsani mbali ya ekizozi imene ikutchinga. Ikani chizindikiro cha penti pamene shafti yochokera ku giyabokosi yalumikizana ndi difu, kuti idzabwerere monga inalili. Shafti imeneyi pa 350Z ndi ya carbon fibre, choncho musaimenye kapena kuisiya ili lendelende; imangeni ndi waya. Masulani mashafti awiri a kumatayala, nawonso muwamange.

Chimene ambiri amaiwala ndi masensa a ABS. Pa galimoto iyi masensa akumbuyo ali pa difu penipeni, ndipo mukaitsitsa musanawachotse mudula mawaya. Chotsaninso kapaipi kopumira. Kenako ikani jeki pansi pa difu, masulani nati yakumbuyo ndi mabawuti akutsogolo, n'kuitsitsa pang'onopang'ono.

Bushi yakale imatuluka bwanji?

Nthawi yambiri imathera pamenepa. Bushiyo ili ndi mkombero wachitsulo umene unakhomeredwa mwamphamvu, ndipo dzimbiri la zaka zambiri linaumatiza. Pali chida chokokera bushi chimene chimagulitsidwa, ndipo amene angachipeze wapepukidwa. Popanda chimenecho, boolani mphira kuzungulira mpaka chitsulo chapakati chituluke. Valani magalasi, chifukwa madzi otsala amathovokera kumaso. Lowetsani sowo pa bowolo n'kudula mkombero, makamaka malo awiri, ndipo muziima pafupipafupi n'kuona pamene mwafika. Cholinga ndi kudula mkombero wokha osakhudza subframe. Ukaduka umafooka, ndipo tchizulo chimaupindira m'kati n'kuutulutsa.

Musagwiritse ntchito moto. Thanki ya petulo ili pafupi. Bowolo likayera, lipaleni ndi sandipepa. Bushi ya polyurethane ipakeni girizi amene wabwera nayo. Ya aluminiyamu imalowa mosavuta ikagona mufiriji, chifukwa chitsulo chikazizira chimachepa pang'ono.

Chivundikiro chimaikidwa bwanji kuti chisadonthe?

Palani zomatira zakale zonse mpaka chitsulo chiwale, osalola zinyenyeswa kugwera m'magiya, ndipo pukutani mafuta onse. Pakani silikoni wopirira oyilo wa magiya, mzere umodzi wosaduka, wodutsa chakum'kati kwa mabowo a mabawuti. Wochuluka amafinyikira m'kati n'kusakanikirana ndi oyilo. Mangani mabawuti modumphanitsa, pa mlingo wolembedwa m'buku la Nissan. Onetsetsani kuti popumira sipanatsekeke, chifukwa difu yosapuma imakankhira oyilo kunja kudzera m'masili. Poti difu ili yotsegula, yang'anani mano ake ndi maginito a pa pulagi. Fumbi lachitsulo losalala si vuto, koma tizidutswa tomveka m'zala tikufunika maso a makaniko.

Ndithire oyilo wotani, ndipo ndimalize bwanji?

Nissan inalamula oyilo wa magiya wa GL-5, 80W-90, pafupifupi malita 1.4. Chivundikiro chachikulu chimafuna wochulukirapo, choncho thirani galimoto ili yosapendekeka mpaka oyilo ayambe kubwerera pa bowo lothirira. Dikirani silikoni aume monga zalembedwera pa chubu chake musanathire. Ngati m'difu munaikamo LSD (limited-slip) ya makilatchi, gulani oyilo wa LSD.

Mukamanga zonse, yendani pang'ono mumve ngati pali kugogoda ndipo onani ngati nyali ya ABS yazima. Pakapita masiku angapo, kwezaninso galimoto pa zitsulo zochirikiza, yang'anani ngati chivundikiro chauma, ndipo pimaninso bawuti iliyonse imene munaimasula.