Yankho kwa mnyamata wa ku Sinda wofuna kukwera Kilimanjaro

 M'kalata yanu mwati mumakwera phiri la Mphangwe kuno ku Katete osapumira, ndiye mukufunsa ngati Kilimanjaro angakuvuteni. Angakuvuteni ndithu. Phirilo ndi lotalika mamita 5,895, ndipo munthu akangopitirira mamita 2,500 mpweya umayamba kuchepa m'thupi. Mutu umawawa, tulo timasowa, chakudya sichikoma.

Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa njala imathawa pomwe thupi likufuna chakudya chochuluka. Idyani ngakhale mtima ukukana, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Phala, mpunga, mbatata ndi tiyi wa shuga zimagayika msanga kumtunda kuposa nyama yonona. M'thumba musasowe nsawawa zokazinga ndi nthochi. Madzi imwani malita atatu kapena anayi pa tsiku. Mowa usiyeni kunyumba, sindikuseka.

Zolimbitsa thupi yambani miyezi itatu ulendo usanafike. Kwerani Mphangwe yemweyo mutabereka chikwama cholemera, ndipo ngati ndalama zilola, kayeseni Sapitwa pa Mulanje ku Malawi, mamita 3,002. Koma mphamvu sizitchinjiriza matenda a kumtunda. Anyamata othamanga ndi amene amadwala chifukwa chofulumira. Chofunika ndi kudekha: Saray Khumalo, mayi wobadwira kuno ku Zambia, anafika pamwamba pa Everest mu 2019 pa ulendo wachinayi.

Kuwawa kwa mutu kukakula, mukayamba kusanza kapena kudzandira, uzani wokutsogolerani mutsike tsiku lomwelo. Musananyamuke kapimitseni mtima ndi magazi kuchipatala.