ULENDO WA MAPHUNZIRO KU POLAND: ZOYENERA KUKONZA MUNTHU ASANANYAMUKE

Akulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tsono mwa anyamata ndi asungwana amene atsiriza sekondale alipo ena amene mitima yao yaloza ku Poland, kukafuna nzeru za udokotala, za makina kapena za ulimi. Cholinga chotere nchabwino, koma ulendo wake ngwodula. Kawirikawiri makolo agulitsa ng'ombe kapena zokolola za chaka chonse kuti mwana apite. Mwanayo akanyamuka wosakonzeka, chuma chija chipita pachabe, iyenso abwerera ndi manyazi. Motero nchito yaikulu ya ulendo umenewu ichitika munthu akali kwao.

DZIKO NDI ANTHU AKE

Poland ndi dziko la pakati pa Ulaya, la anthu pafupifupi 38 miliyoni, ndipo likulu lake ndi Warsaw. Eklezia anazika mizu kumeneko kuyambira chaka cha 966, pamene mfumu Mieszko inabatizidwa. Yunivesite ya ku Kraków inakhazikitsidwa mu 1364. M'menemo anaphunziramo Karol Wojtyła, amene anasankhidwa kukhala Papa mu 1978, nadzacheza ku Zambia ndi ku Malawi mu 1989. Anthu a mtundu umenewu si achilendo kwa olankhula Chinyanja. Ambuye Adam Kozłowiecki, amene anapulumuka ku ndende za Auschwitz ndi Dachau, anafika ku Northern Rhodesia mu 1946, nakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka mu 1959.

1. MAKALATA

Chaka cha maphunziro chiyamba pa 1 Okutobala, chifukwa chake wophunzira wanzeru ayamba kukonza makalata chaka chathunthu tsikulo lisanafike. Poyamba alembere yekha ku yunivesite imene waisankha. Alipo anthu onyenga amene alonjeza malo a sukulu nalandira ndalama, kenaka osaonekanso. Safunsa anadya phula.

Satifiketi ya wophunzira iyenera kukhala yomulola kulowa yunivesite m'dziko lakwao lomwe. Idindidwe chidindo cha boma chotsimikiza kuti njoona, ndipo ngati sukulu yafuna, imasuliridwe m'Chipolishi ndi womasulira wolumbiritsidwa. Atalandira kalata yomvomera, wophunzira apempha viza ya mtundu wa D ku ofesi ya kazembe wa Poland. Kumeneko aonetsa pasipoti, umboni wakuti ali ndi ndalama zodzisungira, ndi inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000.

Viza imeneyi sipitirira chaka chimodzi. Isanathe, wophunzira apemphe chilolezo chokhalira m'dzikomo kwa bwanamkubwa wa chigawo chimene akhalamo. Chikalata chake achitcha karta pobytu. Wozengereza kufikira viza itatha asanduka wolakwira lamulo, ndipo angathe kubwezedwa kwao maphunziro ali pakati.

2. CHINENERO

Mayunivesite ambiri aphunzitsa maphunziro ena m'Chingerezi, koma pamsika, m'tchalitchi ndi m'maofesi ambiri chimveka nChipolishi. Chinenerochi chiri ndi malembo 32, ndipo dzina la chinthu lisintha mathero ake m'njira 7, malinga ndi nchito yake m'chiganizo. Wofuna kuphunzira zonse m'Chipolishi ayamba wakhala chaka chimodzi pa sukulu yokonzekera, monga ya ku Łódź, imene yaphunzitsa alendo kuyambira 1952.

Ngakhale wophunzira m'Chingerezi asanyamuke wopanda mau anai awa: dzień dobry, ndiwo moni wa masana, dziękuję, ndiko kuthokoza, proszę, ndiko kupempha mwaulemu, ndi przepraszam, ndiko kupepesa. Munthu wamkulu samuitana ndi dzina lokha ai. Mwamuna amutcha Pan, mkazi Pani. Mwana woleredwa bwino, amene anazolowera kunena kuti "bambo" ndi "mai", sadzavutika ndi mwambo umenewu.

3. THUPI

Kuzizira kwa ku Poland sikufanana ndi chisanu cha mwezi wa Juni kumapiri a Dedza. Mu Januwale madzi aundana panja, chipale chofewa chigwa, ndipo masiku ena kuzizira kutsika kupitirira madigiri 10 kunsi kwa ziro. Mu Disembala dzuwa lilowa 4 koloko isanakwane. Wophunzira apatule ndalama zogulira jekete lochindikala, nsapato zosalowa madzi, chipewa ndi zovala za m'manja. Nkwabwino kukagula zimenezi komweko mu Okutobala, pakuti nzosokedwera nyengo imeneyo.

Nsima ndi yosowa. Chakudya cha masiku onse ndi buledi, mbatata ya kachewere, kabichi, msuzi ndi nyama ya nkhumba. Mnyamata amene sanagwirepo mthiko apemphe amai ake amphunzitse kuphika asanachoke, popeza kudya m'malesitilanti kutha ndalama msanga. Aloweze pamtima nambala 112, imene aimba pakagwa ngozi.

4. NDALAMA

Ngakhale Poland inalowa m'bungwe la European Union mu 2004, ndalama yake si yuro koma złoty. Malo otsika mtengo ogona ndi nyumba ya ophunzira, yotchedwa akademik, ndipo wofuna chipinda apemphe msanga chifukwa malo achepa. Chiphaso cha sukulu achisunge bwino, pakuti wophunzira wosakwana zaka 26 alipira nacho pafupifupi theka la mtengo wa sitima. Banja lisadalire kuti mwana akapeza ganyu yolipirira sukulu yonse. Amene agwira nchito usiku ndi kusinza m'kalasi apeza 2 pa mayeso, ndiye kulephera, pakuti kumeneko wokhoza ayambira pa 3 kulekeza pa 5.

5. MZIMU

Mdani woopsa wa wophunzira m'dziko la eni ndiko kusungulumwa. Mdima wautali, chinenero chovuta ndi maso a anthu ena osazolowera munthu wakuda zifooketsa mtima, ndipo ena athawira ku mowa. Mkhristu asanachoke apite kwa Bambo Mfumu wa parishi yake, atenge kalata ya ubatizo, alape, alandire Ukaristia ndi madalitso a makolo. Atafika afunefune tchalitchi mlungu woyamba womwewo. M'mizinda yaikulu muli ansembe osamala ophunzira, ndiponso Misa ya m'Chingerezi pa Lamulungu.

Akaitanidwa ku banja lina pa 24 Disembala, asakane. Madzulo a tsiku limenelo Apolishi anyemerana mkate wopyapyala wotchedwa opłatek nafunirana mafuno abwino, ndipo patebulo asiya malo amodzi opanda munthu, kuyembekeza mlendo. Mpata ukapezeka akafikenso ku Częstochowa, kumene Akhristu ambirimbiri ayenda pansi mu Ogasiti kukalemekeza Amai Maria.

Potsiriza wophunzira akumbukire chimene anapitira. Ambuye Kozłowiecki anasiya kwao nadzatumikira Afrika kufikira imfa yao mu 2007. Nayenso mwana wa Afrika amene watunga nzeru ku Poland ali ndi ngongole kwa anthu amene anamtuma, ndipo ngongoleyo aibweza potumikira odwala, alimi ndi ana a sukulu akwao.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi wophunzira achite chiani viza yake isanathe?
2. Nchifukwa ninji ayenera kudziwa Chipolishi ngakhale aphunzira m'Chingerezi?
3. Nanga parishi ingathandize bwanji mwana wake amene ali kutali?