Kutsuka ndi kugwiritsanso ntchito mabotolo a chotsekera cha waya

Ine ndine mmodzi wa anthu odzipereka amene timayenda m'matenti kukambirana nanu za ukhondo. Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinkakhala ku Tembisa kufikira pamene zipolowe zimene zinayambira ku Alexandra pa 11 Meyi chaka chino cha 2008 zinafika kwathuko. Ndisanabwere kuno ku Midrand ndinagwira ntchito yotsuka mbale ndi matambula pamalo ena odyera kwa zaka 4, ndipo zambiri zimene ndikufotokozereni ndinaziphunzira kumeneko. Zina ndaziphunzira pompano, mowawa.

Masabata awiri apitawo ndinaphika thobwa, ndinathira m'mabotolo atatu obiriwira aja a chotsekera cha waya, ndi kuwaika kumutu kwa matiresi. Tsiku lachitatu masana, dzuwa litatentha tenti, botolo limodzi linaphulika. Chidutswa cha galasi chinang'amba bulangete pamalo pamene mwana wanga wa zaka 3 amagona. Mwayi wake anali panja. Usiku umenewo sindinagone, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba phunziro ili.

Botolo lake ndi lotani?

Ambiri mwawaona mabotolowa. Odziwika kwambiri kuno ndi a mowa wa Grolsch wochokera ku Netherlands, ndipo limodzi limalowa mamililita 450. Pakamwa pake pali kachotsekera koyera kokhala ndi labala yozungulira, ndipo waya ndiye amakapanikiza. Ubwino wake ndi woti safuna makina otsekera, fumbi ndi ntchentche sizilowa, ndipo botolo limodzi likhoza kugwira ntchito zaka zambiri. Amayi ena akusungiramo madzi akumwa, ena thobwa, ena chakumwa cha jinja chimene anzathu a kuno amachitcha gemere. Koma chotsekera cholimbacho chimabweretsa mavuto awiri: chimabisa litsiro pansi pa labala, ndiponso chimatsekera mpweya mkati.

Choyamba: sankhani botolo

Si botolo lililonse lotola limene liyenera kulowa m'tenti. Linyamuleni, muliyang'anitse kudzuwa. Ngati muona mng'alu, ngakhale waung'ono ngati tsitsi, litayeni. Yendetsani chala pakamwa pake mosamala; ngati pabenthuka, labala singagwire ndipo mlomo wa mwana ukhoza kuchekeka. Waya wadzimbiri kwambiri kapena wokhwepa ndi chizindikiro chakuti botolo latha ntchito.

Kenako linunkhizeni. Botolo limene munalowapo palafini, petulo, mankhwala a makoswe kapena a mphemvu musaligwiritsenso ntchito pa chakumwa, ngakhale mutalitsuka kakhumi. Labala imamwa fungo ndi poizoni, ndipo sopo sachotsa zonse.

Chachiwiri: tsukani litsiro looneka

Akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Botolo limatha kuwala kunja koma pansi pake pali nsenga zouma ndi chuku. Tsatani izi:

1. Vulani labala pachotsekera. Imachoka mosavuta mukaikoka ndi chala. Pansi pake ndi pamene pamabisala zakuda, ndipo anthu ambiri amaiwala pamenepa.
2. Nyikani botolo, chotsekera ndi labala m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale. Ngati nsenga zinaumiramo, zigone m'madzimo usiku wonse.
3. Kwechani mkati ndi burashi ya mabotolo. Ngati mulibe, thiranimo mpunga wosaphika wodzaza dzanja theka ndi madzi pang'ono, tsekani pakamwa ndi chikhatho, mukhutchumule mwamphamvu. Mpungawo umapala litsiro la pansi ndi la m'khosi.
4. Tsukuluzani katatu ndi madzi oyera kufikira thovu litatheratu.
5. Yang'ananinso kudzuwa. Kadontho kakuda kakatsala, bwerezani. Kakakana kuchoka, botololo lisiyeni.

Njira yochepetsera ntchito yonseyi ndi kutsukuluza botolo nthawi yomweyo mukangomaliza kumwa. Thobwa likauma limagwira galasi ngati simenti.

Chachitatu: iphani tizilombo tosaoneka

Kutsuka ndi sopo kumachotsa litsiro, koma tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba tikhoza kutsala. Pano tili ambiri pamalo amodzi, tikugawana mipopi ndi zimbudzi, choncho matenda akagwira tenti imodzi sachedwa kulowa ina. Pali njira ziwiri, ndipo musankhe imodzi malinga ndi zimene muli nazo.

Njira yoyamba ndi yowiritsa. Ikani mabotolo osatseka mumphika wa madzi ozizira, madzi alowe mkati ndi kuwamiza onse, kenako muike pamoto kuti zitenthere limodzi. Musaponye botolo lozizira m'madzi owira kale, makamaka m'mawa wa Julaye uno, chifukwa galasi likatentha mwadzidzidzi limasweka. Madzi akayamba kubwata werengani mphindi 15. Dera lino la Johannesburg ndi lokwera kwambiri, ndipo kumalo okwera madzi amawira asanafike madigiri 100. Kuno amawira pafupifupi pa 95. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kuno, ndipo mabotolonso ndi bwino kuwapatsa nthawi yokwanira. Malabala muwaponyemo mphindi zochepa zomalizira. Mukaphula, dikirani zizizire zokha.

Njira yachiwiri ndi ya Jik, ndipo imapulumutsa palafini. Gwiritsani ntchito Jik wamba, osati wonunkhira maluwa kapena mandimu. Thirani sipuni yaikulu imodzi, mamililita 15, mu malita 5 a madzi ozizira. Mizani mabotolo kuti adzaze, akhale mphindi 20. Mukatero tsukuluzani bwino ndi madzi owiritsa amene azizira, kufikira fungo litatha. Musasiye waya ndi labala mu Jik usiku wonse, chifukwa waya amachita dzimbiri ndipo labala imauma. Chenjezo lalikulu: musasakanize Jik ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira. Zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni umene m'tenti yotseka ukhoza kukomola munthu.

Muyeso umenewu ndi wotsukira mabotolo basi, si wa madzi akumwa. Wa madzi akumwa ndi wochepa kwambiri: sipuni ya tiyi imodzi mu malita 25, ndi kudikira maola osachepera awiri musanamwe.

Poumitsa, zondotsani mabotolo pamalo oyera kuti madzi akhe okha. Musalowetse nsalu kapena chala mkati, chifukwa mukatero mwabwezamo zimene mwachotsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akauma bwezerani labala ndi manja osamba ndi sopo, mutseke. Kuti mudziwe ngati labala ikugwira, thirani madzi, tsekani, zondotsani ndi kugwedeza. Ikadontha itembenuzeni, ikadonthabe, kapena ngati yang'aluka ndi kuuma gwa, tengani ya botolo lina losweka. Musadule chubu cha tayala kuti chikhale labala, chifukwa mphira imeneyo sinapangidwire chakudya.

Chachinayi: mpweya wa mkati

Apa ndi pamene ine ndinalakwa. Thobwa, maheu, jinja ndi masese ndi zakumwa zamoyo. Mkati mwake muli yisiti imene imadya shuga ndi kutulutsa mpweya pamodzi ndi mowa pang'ono. Kumudzi thobwa timasunga mumtsuko wovundikira ndi mbale, mpweya umatuluka wokha. Yang'anani katoni ya Chibuku: pamwamba pake pali kabowo, ndipo anakaika dala kuti mpweya uzituluka. Botolo la waya lilibe kabowo. Mpweya umachuluka tsiku ndi tsiku mpaka galasi litalephera.

Kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Usiku kuno kumazizira mpaka udzu kuyera, ndipo munthu amaganiza kuti thobwa lagona. Koma masana tenti imatentha ngati uvuni, ndipo yisiti imadzuka ndi njala. Choncho:

- Thobwa la chimera, kaya cha mawere cha kwathu kapena cha King Korn cha m'sitolo, musalitsekere m'galasi kupitirira tsiku limodzi. Lisungeni m'ndowa yovundikira mosathina, muthire m'botolo lokhalo limene mumwe kapena kunyamula tsiku lomwelo.
- Pothira siyani mpata wa zala zitatu kuchokera pakamwa.
- Jinja amene mukufuna achite thovu, mutsegule botolo lililonse m'mawa ndi madzulo kuti mpweya utuluke, kenako mutsekenso.
- Thirani jinja yemweyo m'botolo limodzi la pulasitiki la zakumwa zoziziritsa kukhosi, likhale mlonda wanu. Muzilifinya. Likalimba ngati mwala, dziwani kuti a galasi nawonso afika. Imwani tsiku lomwelo.
- Sungani mabotolo mumthunzi, m'ndowa kapena m'katoni yovundikira, kutali ndi pogona ana ndiponso kutali ndi mbaula.
- Potsegula, phimbani ndi nsalu, gwirani chotsekera ndi chala chachikulu, lozetsani kutali ndi nkhope, mumasule waya pang'onopang'ono.

Chakumwa chikachita chuku pamwamba, chikamanunkha zoola kapena chikamatanuka ngati therere, chitayeni. Shuga amene mwataya ndi wotchipa kuposa mwana wodwala.

Za palafini ndi ana

Palafini amaoneka ngati madzi. Mwana amene anazolowera kumwa thobwa m'botolo lobiriwira sadziwa kusiyanitsa. Musathire palafini kapena Jik m'botolo la chakumwa. Ngati mwana wamwa palafini, musamusanzitse ndipo musamupatse mkaka kapena chakumwa china, chifukwa akasanza palafini amalowa m'mapapo. Mvuleni zovala zimene zanyowa, muthamange naye kwa achipatala nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka ngati ali bwino.

Chinanso: mwana akatsegula m'mimba, madzi a shuga ndi mchere, kapena paketi ya ORS yonga Thanzi imene tinaizolowera kwathu, amafuna lita imodzi yathunthu ya madzi owiritsa. Botolo la waya si lita, ndipo ngakhale awiri sakwana. Mukayeza ndi limodzi mchere umachuluka, ndipo zimenezo zimavulaza mwana. Pezani botolo lolembedwa kuti lita imodzi.

Mawu kwa ofulula mowa

Ndikudziwa kuti ena mumasiya thobwa kuti lisase, ndipo ena mukuganiza zogulitsa kuti mupeze ya sopo ndi ya mayunitsi. Njala ya ndalama tonse tikuimva. Koma kuno ku Gauteng kugulitsa mowa popanda laisensi ndi mlandu, ndipo ife amene tikudalira ziphaso za miyezi 6 zochokera ku Home Affairs sitingafune kuti dzina lathu lilembedwe kupolisi. Kumbukiraninso kuti matenti ndi oyandikana, makandulo akuyaka, ndipo munthu woledzera sadzuka msanga. Musanafulule chilichonse, funsani oyang'anira kampu zimene zikuloledwa. Safunsa anadya phula.

Kampu ino ndi yongoyembekezera. Ena tidzakwera basi kubwerera ku Malawi, ena tidzabwerera m'makomboni kukayambanso. Kulikonse kumene mupite, luso lotsuka botolo mudzapita nalo, ndipo mayi wogulitsa thobwa laukhondo sasowa makasitomala, kaya pa Tembisa kaya pa msika wa Lizulu.

Sabata ino ndizikhala pafupi ndi mipopi m'mawa uliwonse ndi burashi, mpunga ndi ndowa. Bwerani ndi mabotolo anu tiwayang'anire limodzi kudzuwa. Amene mwawerenga, muwerengereninso mnzanu wa tenti yoyandikana amene sadziwa kuwerenga.